Msamuko wa Mayi Kolsum

Boti laliwiro lochoka pachilumba cha Hormuz kupita kuchilumba cha Qeshm litangotuluka padoko, mayi Kolsum anakonza kansalu kawo kofiira kophimba kumaso, n'kuuza amuna awo a Yakub, amene anakhala pambali pawo atafungatira fulasiki ya tiyi, kuti pasapezeke munthu woganiza kuti iwo akupita kukapepesa kwa asewere awo.

"Kupepesa chiyani?" anatero a Yakub. "Iwo ndiye akukuthokozani."

"Akundithokoza?"

"Kwambiri. Asewere analira pafoni."

Mawu amenewa anawakomera a Kolsum ngati madzi a mumtsuko. Mpongozi wawo Najmeh anali atathawira kwa mayi ake ku Qeshm chifukwa cha timawu tochepa chabe. A Kolsum anangoyamikira mkate wa mtsikanayo, kuti ndi wolimba bwino, asodzi akhoza kumatsekera zibowo za mabwato. Najmeh anamva bwinobwino chimene chinkanenedwa, anapukuta m'manja, n'kukakwera boti lamasana. Kuyambira pamenepo mwana wawo Faruk, mmodzi yekhayo, ankangotosatosa chakudya, mpaka ananena poyera kuti mkazi wake akapanda kubwerera, iyeyo ndi amene amutsatire, ndipo ku Hormuz azidzangobwera kumaliro. N'chifukwa chake a Kolsum anali pamadzi m'mawa umenewu, ngakhale ankadana nawo maboti othamangawa. Nzeru yawo inali yokakhala pabwalo la asewere awowo, a Zobeideh, mayi a Najmeh, n'kuwayang'anitsitsa mpaka achite manyazi, kenako n'kubwerera ndi mtsikanayo.

"Analira eti? Alire. Misozi imatsuka m'maso."

"Anati sanaonepo munthu wa mtima ngati wanu."

"Ndiye mtima wangatu umenewo. Anthu amachita kuchokera kutali kudzauona."

"Amabwera nthawi yanji? Ine sindinakumanepo nawo."

"Mukakhala kumzikiti."

A Yakub anagwedeza mutu mokhutira. Anali msodzi wopuma ntchito, munthu wofatsa, amene mawu ankawameza monga imachitira nsomba, nyambo ndi mbedza yomwe.

Boti linadzutsa mphuno n'kuyamba kudumphadumpha pamafunde. A Kolsum anagwira mpando wakutsogolo. Pofuna kupewa kuyang'ana madzi, anacheukira kumbuyo kumene kunaunjikidwa katundu wa apaulendo, ndipo maso awo anaima pamalo amodzi.

"Muli munthu m'boti muno amene ali ndi makina osokera ofanana ndi anga."

"Ayi, mulibe."

"Ndili ndi maso, bambo a Faruk. Awo ali apowo, ndi kansanza kobiriwira pachogwirira."

"Amenewo sakufanana ndi anu. Ndi anu."

A Kolsum anawayang'ana makinawo, n'kuyang'ana amuna awo.

"Makina anga akupita kuti?"

"Ku Qeshm."

"Kukaona abale?"

"Makina sakhala ndi abale, mayi a Faruk."

"Oho. Ndiye mwaganiza zokagwada ndi mphatso. Mwachita bwino. Bwanji osangowatengeranso matiresi anga?"

"Ali pansi pa makinawo."

"Ndi mapoto omwe?"

"M'katoni yayikuluyo. Zivundikiro ndazimanga padera kuti zisasokose."

"Nanga mbuzi mwaisiyiranji? Yalakwa chiyani?"

"Aikana padoko. Akuti boti ili ndi la anthu. Ibwera mawa pa sitima ya katundu, pamodzi ndi simenti."

Mayi wina amene anakhala kutsogolo kwawo anasiya kusenda lalanje kuti amve bwino. A Kolsum anatsitsa mawu. Anafunsa ngati a Yakub aona kuti mkate umodzi wosapsa bwino ndi woyenera kulipidwa ndi katundu wa m'nyumba yonse. A Yakub anadabwa. Anati palibe amene akulipira kalikonse, katunduyo ndi wa a Kolsum ndipo azikagwiritsa ntchito eni ake.

"Kuti?"

"Kuchipinda kwanu."

"Chipinda changa ndi icho chikutalikira kumbuyoko."

"Ndikunena chatsopanocho. Akuti chili ndi zenera loyang'ana kumsika wa nsomba. Mphepo ikamachokera kumeneko mumangotseka."

"Ine ku Qeshm sindigonako. Tibwerera pa boti lamadzulo."

"Ine ndibwerera pa lamadzulo."

"Ndipo ine ndibwerera pamsana pa nsomba?"

"Inu simubwerera. Koma musadandaule, ndizibwera Lachisanu lililonse ndikatuluka kumzikiti. Nyanja ikakhala yabwino."

Boti linagwera m'chigwa cha funde, m'mimba mwa a Kolsum n'kutsalira m'mwamba. Mnyamata wa m'botimo ankadutsa akugawa timapepala ta pulasitiki kwa amene nseru yawagwira. A Kolsum anamubweza ndi dzanja, kenako anamuitananso n'kutenga tiwiri.

"Bambo a Faruk, yambani pachiyambi. Pang'onopang'ono, ngati mukuuza mwana."

"Ndi mawu anu omwe. Dzana lija mukusenda anyezi munati, abwere adzatenge nyumba yonseyi, abwere ndi mayi ake omwe, ine ndikakhale kwawoko."

"Ndinatero."

"Ndinakufunsani kuti kodi mukunenetsa? Munati, ee, ndikunenetsa, imbani foni muwauze, mukalengezenso kumzikiti."

A Kolsum anatseka maso.

"Kumzikiti simunalengeze."

"Ayi. Anandikaniza chimkuzamawu, akuti ndi cha mapemphero. Ndinangoima pakhomo n'kumauza anthu mmodzimmodzi akamatuluka."

Apa m'pamene a Kolsum anamvetsa za dzulo. Amayi oyandikana nawo anabwera motsatizana, wina ndi mbale ya zipatso za kanjedza, wina ndi kabotolo ka mafuta onunkhira, onse akuwakumbatira n'kumati pachilumba pakhala zii. A Kolsum ankayesa kuti anthuwo akuwamvera chisoni chifukwa cha mpongozi wamwano, ndipo anawalandira mwaulemu ngati mfumukazi. Wina anachita kupempha mphika wa maluwa wa pakhomo, iwo n'kumuyankha kuti atengenso chitseko.

"Chitseko chilipo?" anafunsa mwamantha.

"Anati abwera ndi kalipentala Loweruka."

"Ndipo katunduyu munamutulutsa nthawi yanji?"

"M'mawa, mutapita kwa achemwali anu kukabwereka nsalu mwavalayi. Dzulo mutanena kuti mawa tikupita ku Qeshm, ndinati mumtima, mkazi uyu akanena chinthu wanena. Amayi ena amangolankhula."

"Faruk akudziwa?"

"Ndiye ananyamula makinawo. Usiku wapitawu anadya mbale ziwiri, simunaone?"

Anaona. Anali atasangalala nazo, poyesa kuti mwana wayamba kuiwala. Tsopano mbale ziwirizo zinawakhala pachifuwa kuposa mafunde. Anayang'ana pazenera, pamene madzi ankawaza n'kutsetsereka, mapiri ofiira a kwawo akuchepa ngati nyerere. A Yakub anathira tiyi m'kachivundikiro ka fulasiki, theka n'kutayikira pamwendo pawo, n'kuwapatsa. A Kolsum anakana.

"Ndiye ndikakhala ndekha m'nyumba ya eni, ndizikalankhula ndi fungo la nsomba."

"Simukakhala nokha. Kuli gogo."

"Gogo wake uti?"

"Apongozi awo a asewere, mayi a malemu amuna awo. Miyendo inaleka kalekale, koma pakamwa pali bwinobwino. Asewere akhala akuwasambitsa ndi kuwaphikira chimwalirireni amuna awo. Akuti chakudya chilichonse gogoyo amachiyamikira mmene mumayamikirira inumu. Ine ndinati, basi, ndiye akagwirizana."

"N'chifukwa chake analira pafoni."

"Anati Mulungu wamva."

"Wamvadi. Ine ndiye ndakhala yankho la mapemphero a anthu."

"Ndi mawu omwewo ananena iwo," anatero a Yakub, nkhope ikuwala.

Mayi wa lalanje uja anayamba kutsokomola modabwitsa, mapewa akugwedezeka. A Kolsum anamuyang'ana kumsana mpaka chifuwacho chinapola. Kenako ganizo lina linawafikira, ndipo anatembenuka thupi lonse.

"Nanga inu muzikhala kuti?"

"Kunyumba. Za ine simunanene."

"Ndi mayi wamasiye."

"Ndi Faruk, ndi Najmeh, ndi asewere. Akuti mpunga wa nsomba amaudziwa kuphika."

"Ndasangalala. Munenepe. Ndipo azigona chipinda chiti mayi wodziwa mpungayo?"

"Chanu. Ine ndasamukira kuchipinda cha alendo. Kabati yanu yakana kutuluka pakhomo, ndiye ndawauza kuti aziikamo zawo."

"Bwanji ndolo zanga zaukwati osawaveka?"

A Yakub anaganiza kaye.

"Zili kumakutu kwanu. Mukavula ndikawapatsa madzulo."

A Kolsum anagwira makutu onse awiri. A Yakub anaimirira, n'kusuzumira pazenera modutsa pamutu pawo, n'kutulutsa mpango woyera m'thumba.

"Awo akubwera apowo. Tinapangana kuti tikupizirane."

"Ndani?"

"Asewere ndi Najmeh. Akwera lochokera ku Qeshm. Ndinawauza kuti kiyi ali pansi pa mtsuko."

Kutsogolo kunkabwera boti lina longa lawolo, likung'amba madzi. A Kolsum anakanikiza nkhope pagalasi. Maboti awiriwo anapyolana mwamsanga ngati anthu odana akakumana pamsika, koma nthawi yochepayo inakwana. Kumbuyo kwa boti linalo kunaima a Zobeideh atafunda nsalu yachikasu, akukupiza manja onse awiri ngati munthu wotuluka m'ndende. Pambali pawo panali Najmeh. Iye sanakupize. Atawaona apongozi ake pazenera, anangoika dzanja pachifuwa n'kuweramitsa mutu. Kenako mafunde a boti linalo anadzamenya lawoli, ana n'kukuwa, zivundikiro za mapoto n'kulira kumbuyo ngakhale zinamangidwa padera.

"Kaimitseni botili."

A Yakub anapita kutsogolo akudzandira, akugwira mipando ndi mapewa a anthu. Anabwerera posakhalitsa.

"Akuti pamadzi palibe siteji."

"Ndiye dumphirani m'madzimo muwathamangire."

A Yakub anayang'ana boti linalo, limene linali litasanduka kadontho koyera. Anapumira m'mwamba. Anaika fulasiki pampando, anavula nsapato n'kuziika pamodzi bwinobwino, anamasula wotchi n'kuwapatsira akazi awo.

"Sindikhulupirira kuti ndiwapeza, koma ndiyesa."

Anali ataponya phazi kulowera kukhomo lakumbuyo pamene a Kolsum anawagwira mkanjo ndi manja awiri n'kuwakokera pampando. Theka la boti linali litatembenuka. A Kolsum anadikira mpaka anthu atayamba kunamizira kuyang'ana kwina, kenako analankhula chapansipansi, mano ali pamodzi. Anawauza amuna awo kuti munthu wamoyo sanganene kuti wina adzatenge nyumba yake n'kumatanthauza zomwezo. Anati pali kulankhula kwina kumene mawu amapita kum'mawa pamene nkhani ikupita kumadzulo, ndipo pachilumba chonse, kuyambira ana mpaka amphaka, aliyense amakudziwa kupatula munthu mmodzi, amene Mulungu anawasankhira iwo.

"Ndiye simunkafuna kusamuka?"

"Ayi."

"Koma munati mukunenetsa."

"Pamenepo m'pamene ndinkakanitsitsa."

A Yakub anatola nsapato imodzi.

"Nanga mukati, mwachita bwino bambo a Faruk?"

"Ndiye kuti mwawononga."

"Mukati, pitani, musafulumire kubwera?"

"Ndiye kuti mukachedwa mudzandiona."

"N'chifukwa chake ndinkapeza chitseko chokhoma," anatero a Yakub, ngati munthu amene wapeza pamene ukonde unang'ambikira. "Nanga paja mumati pachilumba ponse palibe mwamuna wanzeru ngati ine?"

A Kolsum anatembenukira kuzenera.

"Ameneajatu ndinkawauza anzanga kumalo omwera tiyi. Ankaseka. Ine ndinkayesa nsanje."

Anavala nsapato ija pang'onopang'ono. Nkhope yawo inali itagwa, ndipo a Kolsum, amene anali asanaionepo nkhope imeneyo itagwa chotero ngakhale pamene bwato lawo linamira, anamva kanthu kakuwatsina mkati. Zaka zonsezi munthuyu ankayenda pachilumba mutu uli m'mwamba, akudziyesa mwamuna woyamikiridwa kuposa onse.

"Tsiku laukwati wathu," anatero a Yakub osawayang'ana, "munandinong'oneza kuti mwapeza mwayi."

A Kolsum anatsegula pakamwa. Yankho loona linali pafupi, koma lilime linadutsa njira yake yakale.

"Ndinaupezadi. Si uwu ndakwera nawo botiwu?"

"Tsono amenewa ndi ati? Akum'mawa kapena akumadzulo?"

"Mumve kamvekedwe kake."

"Kamvekedwe kanu n'kamodzi, mayi a Faruk. Ngakhale popempha mchere."

"Ndiye ganizani."

"Mukati kunja kwatentha, ndiye kuti kukuzizira?"

"Zanyengo ndimanena zoona."

"Mukati mutu ukupweteka?"

"Zimatengera amene wabwera."

A Yakub anagwira pachipumi. Anati iwo nyanja anaiphunzira, imakwiya ikafuna kukwiya ndipo imaonetsa, koma izi n'zovuta, pafunika lamulo limodzi loti munthu agwire. Nseru inali itawafika pakhosi a Kolsum, ndipo analibe mphamvu yophunzitsa munthu wa imvi.

"Chabwino. Chilichonse chimene ndanena, muzichitembenuza. Mwamva?"

"Ndizichitembenuza."

"Basi."

A Yakub anatsamira mpando n'kuyamba kuyendetsa milomo, chala chikutembenukatembenuka m'mwamba, ngati mwana woloweza phunziro. Nthawi ina anaseka okha, nthawi ina anapukusa mutu mwachisoni. A Kolsum anawasiya. Anatsegula kapepala ka pulasitiki kaja, anakayang'ana, n'kukapindanso, chifukwa sakanalola kuti mayi wa lalanje akasimbe zimenezo ku Hormuz.

Injini inatsitsa mawu. Boti linagoneka mphuno n'kuyamba kuyandama mofatsa kulowera padoko la Qeshm. Anthu anaimirira n'kumakankhana ndi zikwama. A Kolsum anakhalabe pansi. M'maso mwawo munkabwerabe dzanja lija la Najmeh pachifuwa. Mtsikana amene anamunyoza pamaso pa mwamuna wake anawapatsa ulemu pakati pa nyanja, pamene akanatha kukupiza ngati mayi ake. Anaganiza za Faruk akunyamula makina a mayi ake kupita nawo padoko, mwina akuimba kanyimbo. Anaganizanso za gogo wosayenda uja, amene panthawiyi ayenera kuti anali atakhala tsonga pamphasa, akunola lilime.

Atatsika, anaima pambali pa mulu wa katundu wawo, umene anyamata a padoko ankautsitsa. Dzuwa linali litakwera. Anakweza kansalu kophimba kumaso kaja pang'ono, chinthu chimene sankachita pagulu, n'kuwagwira dzanja amuna awo.

"Bambo a Faruk, ndimvereni bwino. Ndinamulakwira mwana uja. Ndikufuna kubwerera kwathu lero lomwe, ndikamupepese pamaso pa mayi ake, ngakhale anthu aseke. Sindikufuna kukhala kuno ngakhale usiku umodzi, ndipo sindikufuna kukhala kutali ndi inu. Kaguleni matikiti awiri a boti lotsatira."

Mawuwo anatuluka movuta, ngati munga wa nsomba, ndipo atatuluka a Kolsum anamva kupepuka.

A Yakub anawayang'ana nthawi yayitali. Milomo yawo inayenda. Chala chija chinakwera m'mwamba, chinaima, n'kutembenuka. Pang'onopang'ono nkhope yawo inayamba kuwala, mpaka anamwetulira ngati mwana amene wakhoza mayeso koyamba. Anakodola mwini ngolo amene anaima chapafupi.

"Kwezani zonse, achimwene, mayiwa akuti akhala," anatero, kenako n'kutembenukira kwa akazi awo monyadira. "Mwaonatu? Ndayamba kukumvani."